Bwanji Odysseus anafika kwawo atavala nsanza?

Achimwene, mwafunsa kuti bwanji Odysseus, munthu woti ndi mfumu ndipo wakhala zaka 20 asali pakhomo, pofika kwawo ku Ithaca anadzisandutsa wopemphapempha m'malo mongolowa m'nyumba mwake n'kunena kuti ndabwera, ndiye mukuti si mantha amenewo, komanso si nkhanza kunamiza mkazi woti wakudikira nthawi yonseyo. Mundipirire nditalikitsa pang'ono chifukwa Odyssey, ndakatulo yakale ya Agiriki yomwe muli nkhaniyi, ndi buku lomwe ndimalikonda zedi.

Choyamba taonani mmene zinthu zinalili. Munthuyu ananyamuka ku Troy, komwe anakamenya nkhondo, ndi zombo 12 koma wafika yekhayekha, anzake onse anathera m'njira. Kunyumba kwake kuli amuna 108 ofunsira mkazi wake Penelope, akudya ziweto zake ndi kumwa vinyo wake tsiku ndi tsiku, ndipo anali atapanga kale pulani yopha mwana wake Telemachus panyanja. Akanangotulukira n'kudzitchula dzina bwenzi atamupha tsiku lomwelo basi. Ndipo anali atachenjezedwa kale. Mu gawo 11 la bukuli amakumana ndi mzimu wa Agamemnon, mfumu yomwe inabwerera kwawo poyera aliyense akuona koma n'kuphedwa ndi mkazi wake Clytemnestra ndi chibwenzi chake Aegisthus, ndiye mzimuwo umamuuza kuti iwe ukakocheze chombo chako mwachinsinsi. Ndiye za mantha ayi, ine ndikukana.

Koma kwa ine chachikulu si chitetezo ayi. Nsanza zija ndi mayeso. Munthu ukakhala bwana aliyense amakusekerera, sungadziwe wako weniweni ndi uti, koma ukafika uli mbuu, dazi lili pamtunda, thumba long'ambika paphewa monga mmene Athena, mulungu wamkazi yemwe ankamuthandiza, anamusandutsira mu gawo 13, apo aliyense amaonetsa mtima wake weniweni. Eumaeus, kapolo woweta nkhumba, anamulandira m'kanyumba kake, kumuphera tiana tankhumba tiwiri, usiku kumufunditsa chovala chake, akuti alendo ndi opempha onse amachokera kwa Zeus, mkulu wa milungu, ndipo nthawi yonseyo akudandaula za bwana wake wosowa osadziwa kuti ndi yemwe wakhala naye pamenepo. Pomwe Melanthius woweta mbuzi anamutukwana panjira mpaka kumumenya theche. Antinous, mkulu wa ofunsira aja, anamugenda ndi kampando chifukwa chongopempha chakudya, chakudya chake chomwe m'nyumba yake yomwe! Wina Ctesippus anamuponyera chiboda cha ng'ombe ati ndiyo mphatso ya mlendo. Ndiye pofika gawo 22 pomwe akuwapha, iwe wowerenga umakhala utaona ndi maso ako zomwe aliyense anachita. Mpaka mmodzi mwa ofunsira omwewo anamudzudzula Antinous kuti walakwa, milungu imayenda m'mizinda itadzizimbaitsa ngati alendo kuti ione khalidwe la anthu. Kwa Agiriki akale mlendo umayamba wamusambitsa ndi kumudyetsa, za dzina n'zapambuyo, n'chifukwa chake kwa mfumu Alcinous, yomwe inamulandira ali paulendo wobwerera kwawo, Odysseus anadya, kugona, kuonera masewera, dzina lake n'kudzalitchula kumayambiriro kwa gawo 9 atalira pomva woyimba Demodocus akuyimba za Troy.

Palinso china, munthuyu dzina lake linamupwetekapo kale. Kuphanga la Polyphemus, chimphona cha diso limodzi chija, anati dzina langa ndine Palibe, ndiye atachiboola diso chikukuwa kuti Palibe akundipha anzake anangobwerera kukagona. Odysseus anapulumuka bwinobwino. Koma ali m'chombo mtima wodzitama unamukwera, anzake akumuletsa, iye n'kufuula kuti amene wakuchititsa khungu ndine Odysseus mwana wa Laertes wa ku Ithaca. Chimphonacho chinatenga dzina lomwelo n'kukamunenera kwa bambo ake Poseidon, mulungu wa nyanja, mavuto ambiri apanyanja anayambira pamenepo. Ndiye amene akufika ku Ithaca uja ndi munthu woti waphunzira kugwira pakamwa, moti ngakhale Athena atabwera ngati mnyamata woweta nkhosa iye anamunamiza kuti ndathawa ku Crete nditapha munthu, Athena n'kungomwetulira.

Tsono gawo lomwe limandigwira mtima ndi la momwe anamuzindikirira. Palibe anamudziwa ndi nkhope. Argos, galu wake yemwe anamusiya ali wamng'ono, anali atagona pamulu wa ndowe, nkhupakupa thupi lonse, atangomva mawu anagwedeza mchira n'kugwetsa makutu koma mphamvu zoti ayandikire analibe, Odysseus anapukuta msozi mobisa kuti Eumaeus asaone, galuyo n'kufa. Kenako mu gawo 19 mayi wokalamba Eurycleia, yemwe anamulera ali khanda, akuuzidwa kuti asambitse mapazi a mlendo. Odysseus akutembenukira kumdima kuthawa kuwala kwa moto koma manja a mayiyo akukhudza chipsera chapamwamba pa bondo, chomwe nguluwe inamupweteka ali mnyamata kosaka kuphiri la Parnassus. Mwendo anautaya, unagwera m'beseni, beseni n'kulira n'kupendekeka madzi onse pansi. Ndipo iye m'malo momukumbatira anamugwira pakhosi kuti khalani chete amayi mundiphetsa. Zimawawa kuwerenga, koma zikukuonetsa mtengo wa kudzibisa, kuti ngakhale chikondi umachikaniza.

Za Penelope zomwe mwati ndi nkhanza, pang'ono ndikugwirizana nanu. Usiku womwewo anakhala naye pafupi akumuuza bodza loti ndinamulandirapo mwamuna wanu ku Crete, mayiyo misozi ili chuchuchu, ndakatuloyo imati maso a Odysseus anangouma ngati nyanga kapena chitsulo ngakhale mumtima amamva chisoni. Koma musamuone Penelope ngati wopusitsidwa chabe. Mu gawo 23, ofunsira atafa, mwamuna wasamba wavala bwino, iye sanathamangire ayi, anauza Eurycleia kuti atulutse bedi kuchipinda amuyalire panja. Apo Odysseus, katswiri wa mabodza uja, anapsa mtima n'kuulula yekha kuti ndani wasuntha bedi langa, mwendo wake umodzi ndi tsinde la mtengo wa olivi lomwe lili ndi mizu pansi, ndinamanga chipinda mozungulira mtengowo ndi manja angawa. Chinsinsi chimenecho ankachidziwa ndi awiriwo ndi wantchito mmodzi basi. Apo m'pomwe Penelope anamuthamangira akulira, n'kunena kuti nthawi zonse ankaopa kuti wina adzabwera kudzamunyenga ndi mawu. Woyesa anzake uja nayenso anayesedwa, ndipo amene anamugwira ndi mkazi wake.

Mu Iliad, ndakatulo inzake yonena za nkhondo ya ku Troy, zimasiyana, kumeneko kudzizimbaitsa kumathera ku imfa. Patroclus anavala zida za mnzake Achilles, katswiri wankhondo wa Agiriki, kuti a Troy aziyesa ndi mwini wake, sanabwerere wamoyo. Hector, katswiri wa a Troy, anaima kuti amenyane ndi Achilles chifukwa ankaona ngati m'bale wake Deiphobus ali pambali pake, chonsecho anali Athena, potembenuka kuti apemphe mkondo wina anapeza palibe munthu.

Pomwe ine sindimukhululukira Odysseus ndi mu gawo 24. Ofunsira aja afa, chifukwa chobisalira palibenso, wapeza bambo ake Laertes ali okha m'munda atavala zigamba ndi chipewa cha chikopa cha mbuzi akukumbira kamtengo, iye mwini mpaka analira atawaona, koma anawanamizabe kuti ndine mlendo, mwana wanu ndinamuona zaka zisanu zapitazo. Mkuluyo anatapa dothi ndi manja onse awiri n'kudzithira kumutu akubuula. Apo m'pomwe anadziulula, kuwaonetsa chipsera chija n'kuwawerengera mitengo yomwe anamupatsa ali mwana akuwatsatira m'mundamo, ya maapozi 10, ya nkhuyu 40, ndi mizere 50 ya mpesa yomwe anamulonjeza. Apa ndiye funso lanu la nkhanza lili ndi malo ake achimwene, chifukwa bodza lija linalibe ntchito ina iliyonse, ndimaona ngati munthuyu anazolowera kubisala mpaka analephera kusiya ngakhale pamaso pa bambo ake omubereka.