Springboks ndi All Blacks: yambani kuwerenga ndandanda kuchokera pa benchi

Imelo ya sabata ino yachokera kwa achimwene ena a ku Namwera. Akuti mng'ono wawo amene ali ku Joni anawatumizira jezi yobiriwira ya Springboks, timu ya rugby ya South Africa, ndiye nawonso anayamba kuonera rugby pa SuperSport akapeza mpata. Vuto ndi lakuti pa mpira wamiyendo amatha kuona okha timu imene ikulamulira, koma pa rugby amangoona anthu akugwerana, kenako woyimbira waimba wezulo, mapointi alowa. Funso lawo: South Africa ikamakakumana ndi New Zealand, imene timu yake imatchedwa All Blacks, munthu angadziwe bwanji pasadakhale amene ali ndi mphamvu, ndipo timu iliyonse ikasewera motani?

Zikomo achimwene polemba. Zambiri zimene mukufunazo zimaoneka masewero asanayambe, pa ndandanda ya osewera. Kukatsala masiku ochepa, kochi aliyense amalengeza mayina 23. Oyamba 15 ndiwo amalowa m'bwalo, 8 otsalawo amadikira pa benchi. Ambirife timathamangira kuona ngati Cheslin Kolbe wa South Africa kapena Will Jordan wa New Zealand alipo, chifukwa ndi amene timawaona akuthyola anthu m'tizidutswa ta pa Facebook. Ine ndimayambira pansi, pa nambala 16 mpaka 23.

Nambala 1 mpaka 8 ndi ma forward, zimphona zokankhana ndi kulimbirana mpira. Nambala 9 mpaka 15 ndi ma back, othamanga ndi omenya mpira ndi mwendo. Mwachizolowezi benchi imakhala ndi ma forward 5 ndi ma back 3. Pa chikho cha dziko lonse cha 2019 ku Japan, kochi wa South Africa Rassie Erasmus ankaika ma forward 6 ndi ma back awiri, gulu limene linatchuka kuti Bomb Squad. Mu August 2023 ku Twickenham iye ndi kochi Jacques Nienaber anafika poika ma forward 7 ndi back mmodzi yekha, ndipo New Zealand inagonja 35-7. Anabwerezanso zomwezo pa fainolo ya chikho cha dziko lonse ku Paris chaka chomwecho. Mukaona 6-2 kapena 7-1, kochiyo wakuuzani kale cholinga chake. Akufuna kuti chigawo chachiwiri chikangoyamba pang'ono, atulutse pafupifupi zimphona zake zonse, alowetse zina zosatopa, zikakumane ndi anthu amene akhala akukankhana kwa mphindi 50. Mukaona 5-3, akuyembekeza masewero othamanga ndipo akufuna miyendo yatsopano kumbuyo.

Njira ya 7-1 ili ndi ngozi yake. Ma back awiri akavulala, forward ndiye amakaima kumapiko. N'chifukwa chake pa benchi yotere mumapeza munthu ngati Kwagga Smith, amene anakulira mu rugby ya anthu 7 ndipo liwiro ali nalo.

Tsopano kugwerana kumene mukunenako. Wosewera akagwetsera mpira kutsogolo kapena kupatsira kutsogolo, masewero amayambiranso ndi scrum: ma forward 8 mbali ino, 8 mbali inayo, agwirana, awerama, akankhana, mpira uponyedwa pakati. Zimaoneka ngati kutaya nthawi, koma mapointi ambiri amabadwira pamenepa. Amene mwaonapo asodzi akukoka khoka ku Malindi mukudziwa kuti nkhani si mphamvu za munthu mmodzi, koma onse kukoka pa kamphindi kamodzi, ndipo mmodzi akaterereka mzere wonse umapotoka. Scrum ili chimodzimodzi, kungoti iwo amakankha. Mbali imene yalephera kupirira imagwa pansi, kapena kudzuka, kapena kukhota, ndipo woyimbira amapereka penate.

Penate ya rugby ili ndi mano. Ikakhala pafupi, womenya amalozetsa pakati pa mitengo, mapointi 3. Ikakhala patali, amaumenyera kunja chakukona kwa adani, ndipo timu yake yomweyo ndiyo imaponya lineout, kutanthauza kuponya mpira kuchokera kunja pakati pa mizere iwiri ya osewera. Wamtali wawo, tinene Eben Etzebeth, anyamulidwa m'mwamba, agwira mpira, atsika, anzake amuzungulira n'kuyamba kukankha onse pamodzi. Imeneyo ndiye maul. Ikafika pa mzere wa adani n'kugunditsa mpira pansi, imeneyo ndi try, mapointi 5, kuwonjezerapo awiri ngati womenya alasa. Ndiye onani: munthu wagwetsa mpira pakati pa bwalo, scrum, penate, kukona, lineout, maul, mapointi 7, popanda back aliyense kuthamanga ndi mpirawo. Timu yamphamvu pa scrum siopa kugwetsa mpira, pamene yofooka imasewera ndi mantha, chifukwa cholakwa chilichonse chimaibweretsera chilango.

Fainolo ya 2019 ku Yokohama inatha 32-12, South Africa kugonjetsa England, ndipo anthu amakumbukira ma try a Makazole Mapimpi ndi Kolbe. Koma amenewo anabwera chakumapeto. England inali itathyoka kale pa scrum. Kyle Sinckler anavulala m'mphindi zoyambirira, Dan Cole analowa msanga kuposa m'mene anakonzera, ndipo anakumana ndi Tendai Mtawarira, mwana wa ku Zimbabwe konkuno, amene anthu amamutchula kuti Beast. Handré Pollard ankangolandira mapenate n'kumaika 3 pamwamba pa 3. Semifainolo ya 2023 ndiye phunziro lenileni la benchi. Mvula ikugwa, England ikutsogola 15-6, South Africa ikuoneka kuti yathedwa nzeru. Analowa Ox Nché ndi Vincent Koch, scrum ya England inayamba kubwerera m'mbuyo. RG Snyman, wochokeranso pa benchi, anagoletsa try. Kutatsala mphindi zochepa scrum inabala penate ina pafupi ndi pakati pa bwalo, Pollard, amenenso sanayambe masewerowo, anaulasa. 16-15.

Musamve ngati New Zealand ndi yofewa kutsogolo, ayi ndithu. Ardie Savea anasankhidwa kukhala wosewera woposa onse pa dziko mu 2023, ndipo Scott Barrett si munthu womukankha wamba. Koma mphamvu yawo yeniyeni ndi changu. Wosewera wawo akagwetsedwa, amafuna mpira utuluke pa ruck (mulu wa osewera olimbirana mpira umene uli pansi) m'masekondi awiri kapena atatu, adani asanafole mzere. Ngakhale zimphona zawo zimadziwa kupatsira mpira zikugwa. Ndipo ukawamenyera mpira mosaganiza, wawapatsa chakudya, chifukwa Jordan, Beauden Barrett kapena Damian McKenzie amaubweza akuthamanga pamene timu yako yabalalika. Mu 2017 ku Albany anaikwapula South Africa 57-0 m'njira imeneyi. Mu July 2023 ku Auckland anali kale pa 17-0 anthu asanakhazikike bwino pa mipando, atapambana pafupifupi mpira uliwonse wa m'mwamba, ndipo masewero anatha 35-20.

Apa ndi pamene pali mkangano weniweni wa matimu awiriwa. Springboks potchinga sadikira. Amathamangira kutsogolo onse pamodzi, wakumapiko n'kulowera mkati kuti amutseke wolandira mpira asanaupatsire. Zikatheka, All Blacks amagwetsedwa kumbuyo kwa pamene anayambira, changu chawo chimafa. Zikalephereka, kumapiko kumatsala chipululu. Ndiye yembekezerani New Zealand kuyesa kulumphitsa mpira pamwamba pa mzerewo, kapena kuumenya mopingasa kuti ukagwere wakumapiko. Yembekezeraninso South Africa kuchedwetsa mpira pa ruck, makamaka kudzera mwa Malcolm Marx, amene amauphatika manja wosewera akangogwa. Mukamaonera, werengani masekondi kuchokera pamene munthu wagwa kufika pamene nambala 9 wautulutsa mpira. Akamapitirira anayi kawirikawiri, masewero akuyenda m'mene South Africa ikufunira.

Dzina lachiwiri loti muliyang'ane pa ndandanda ndi la nambala 10. Kuyambira 2024 South Africa inalemba Tony Brown, munthu wa ku New Zealand komweko, kuti aziphunzitsa kaseweredwe kopita kutsogolo, ndipo timuyi siilinso yongokankha ndi kumenya basi. Mukaona Pollard pa 10, ndiye kuti akufuna kusewerera m'dera la adani, mipira ya m'mwamba, mapenate. Mukaona Manie Libbok kapena Sacha Feinberg-Mngomezulu, mpira uyenda m'manja kwambiri. Njira yachiwiriyi ndi yokoma kuonera koma inawalumapo. Mu August 2025 pa bwalo la Ellis Park ku Johannesburg anatsogola 22-0 pa Australia, anapitiriza kuthamanga ndi mpira kulikonse, anatopa, n'kugonja 38-22. Sabata yotsatira ku Cape Town Pollard anabwerera pa 10, anapambana 30-22. Koma mwezi wotsatira ku Wellington, atabwerera ku njira yachiwiri ija pokumana ndi New Zealand, akutsalira 10-7 pa nthawi yopuma, anagoletsa mapointi 36 osayankhidwa n'kupambana 43-10, kugonja kwakukulu koposa m'mbiri yonse ya All Blacks. Ine ndimaona kuti kuthamangako kumawayendera pokhapokha zimphona zitayamba zafewetsa adani. Akayamba ndi kuthamanga, amakhala akusewera masewero a New Zealand.

Funsaninso kumene akusewerera. Johannesburg ili pamtunda wopitirira mamita 1,700 kuchokera pa nyanja yamchere, pamene ife kuno ku Mangochi sitifika ngakhale 500. Mng'ono wanu ngati anafikirako ku Johannesburg akuuzani m'mene mpweya umaperewera munthu akathamanga. Mpira umauluka patali, penate ya pakati pa bwalo imatheka, ndipo alendo amaphwa m'mphindi 20 zomaliza. Mu 2024 pa Ellis Park New Zealand inali patsogolo 27-17, benchi ya South Africa inalowa, zinatha 31-27. Kwawo nakonso kuli linga: pa Eden Park ku Auckland All Blacks anagonja komaliza mu 1994, kwa France, ndipo mu September 2025 Springboks anakalephera pomwepo 24-17, sabata imodzi yokha asanakachite zija za ku Wellington. Matimu omwewo, masiku 7 okha pakati. Kukagwa mvula, chotsani theka la zimene ndanena za kuthamanga, mpira umaterera, ma scrum amachuluka, ndipo mukudziwa kale amene zimamukomera.

Kunena za nthawi, akasewerera ku South Africa wotchi yathu ndi imodzi. Akasewerera ku New Zealand madzulo, kuno imakhala cha m'ma 9 koloko m'mawa Loweruka, nthawi yabwino chifukwa a mavidiyo sho amakhala asanayambe kukanganirana rimoti ndi anthu a Premier League.

Chimene ndandanda singakuuzeni ndi makadi. Lamulo la masiku ano silinyengerera munthu wogunda mnzake kumutu, ngakhale mwangozi. Kadi yachikasu ndi mphindi 10 kunja. Pa fainolo ya 2023 kaputeni wa New Zealand, Sam Cane, anapatsidwa yofiira m'chigawo choyamba, Siya Kolisi ndi Kolbe a South Africa analandira zachikasu. Ndi anthu 14, All Blacks ndiwo anagoletsa try yokhayo ya tsikulo kudzera mwa Beauden Barrett, n'kugonja ndi pointi imodzi, 12-11. Richie Mo'unga anaphonya mapointi awiri a pambuyo pa try, Jordie Barrett anaphonya penate yakutali, pamene Pollard analasa zinayi zake zonse. Choncho funso lina losavuta: ndani akumenya mapenate mbali iliyonse, ndipo wakhala akulasa motani masewero apitawa? Achimwene, simunatchule za kubetcha, koma ngati anzanu a pa sitolo akukunyengererani, kumbukirani kuti South Africa inatenga chikho cha 2023 popambana masewero atatu otsatizana ndi pointi imodzi imodzi. Ndalama ya ufa siyenera kudalira phewa la munthu kukwera pang'ono n'kugunda chibwano cha mnzake.

Mwafunsa maganizo anga, ndiye nawa. Akasewerera ku South Africa, benchi n'kukhala 6-2 kapena 7-1, ndipo Nché ndi Marx ali m'gulu la 23, ndimaika Springboks patsogolo, koma ndi mapointi ochepa, ndipo sindidabwa New Zealand ikamatsogola pa nthawi yopuma. Ku Eden Park ndimapereka kwa eni bwalo mpaka tsiku limene wina adzawagonjetse pamenepo. Kwina kulikonse, ndimadikira mphindi 20 zoyamba. Ma scrum atatu oyambirira, ndani akubwerera m'mbuyo ndipo woyimbira akuloza dzanja mbali iti? Mipira ya m'mwamba akuigwira ndani? New Zealand ikafika mphindi 60 ikutsogola ndi mapointi osapitirira 7 ndipo mapenate akuichulukira, jezi yanuyo musaivule. Ikakhala patsogolo ndi ma try awiri ndi mapointi ake owonjezera ndipo scrum yake ikuima nji, benchi ya South Africa imakhala yachedwa kulowa.