Kwa achemwali ofunsa za kulawa vinyo wofiira Loweruka

Achemwali, mwati mudzakhala anthu asanu ndi atatu, mabotolo anayi, ndipo mukuopa kuti akadzakufunsani kuti vinyoyo mwamumva bwanji mudzangoti kakasi. Mantha amenewo tayani. Chimene chimasokoneza anthu n'kuloweza zolembedwa kuseri kwa botolo, mayina a zipatso za ku Ulaya zimene sanazilawepo. Nenani zimene lilime lanu likudziwa. Ine vinyo wa mtundu wa Merlot amandikumbutsa mabulosi akupsa, aja ankatidetsa milomo tili ana. Vinyo wowawasa ndimati wapita kuchidede kapena kubwemba, ndipo pathebulo aliyense amamva msanga kuposa ndikanatchula zachizungu.

Mukamva m'kamwa kuuma ngati mwaluma nthochi yosapsa, kapena mwamwa tiyi wochuluka masamba wopanda mkaka, musati vinyo waonongeka. Ameneyo ndi tanini. Amachokera m'makoko ndi njere za mphesa, poti vinyo wofiira amamufulula pamodzi ndi makoko a mphesazo, ndipo kufiirako kumachokeranso komweko. Vinyo wa mtundu wa Cabernet Sauvignon ali naye wambiri. Mulaweni yekha, kenako mulume nyama yambuzi yamafuta n'kumwanso, mudzadabwa mmene wafewera. Koma kambuzi mubise kaye mpaka kulawa kuthe, chifukwa tsabola amachititsa kuti vinyo azitentha kukhosi.

Ngati pali Pinotage, nayi nkhani yocheza nayo: mphesa imeneyi anaipanga Abraham Perold ku Stellenbosch, ku South Africa, mu 1925 pokwatitsa mphesa za Pinot Noir ndi Cinsaut. Ena amaikonda, ena safuna n'kuimva komwe, ndiye mkangano wake umakoma. Shiraz naye amanunkhira tsabola wakuda uja wa timibulu, koma alipo anthu amene mphuno zawo sizimva fungolo, choncho musakakamizane.

Langizo limene ndikulimbikira ndi ili: kulungani mabotolo m'nyuzipepala, mulembe manambala, ndipo aliyense alembe maganizo ake papepala wina asanatsegule pakamwa. Timadziwana ife. Akangoyamba kulankhula abwana kapena amalume, tonse timangoti "eya, n'zoona", ngakhale lilime likukana. Anthu akaonanso mtengo pabotolo amayamba kuyamikira ndalama m'malo mwa vinyo. Kwathu tinachitapo zimenezi, ndipo botolo lotchipa ndi limene linatha koyamba. Mwini wa lodula sanaseke nafe.

Yambani ndi wopepuka, mutsirize ndi wamphamvu. Thirani pang'ono, mamililita 50 basi. Botolo la 750 likwanira nonse n'kutsala wodyera. Kukatentha, ikani mabotolo m'fuliji mphindi 20, vinyo wofiira amafuna madigiri 16 mpaka 18. Madzi ndi buledi zikhale pafupi zotsukira m'kamwa, perefyumu wamphamvu mumusiye kunyumba, ndipo mugwirizane kale amene adzayendetse galimoto pobwerera.