Bondo langa likulira, kodi opaleshoni ingalikonze?

Funso: Adokotala, ndili ndi zaka 31, ndimakhala ku Ndirande. Chaka chatha ndinabinya bondo tikusewera mpira wa Lamulungu, mpaka pano limangotupa, ndikamatsika minibasi limalira kuti gwa ndipo nthawi zina limakanirira osawongoka. Ku X-ray akuti mafupa ali bhobho. Pali wina akufuna kundigulitsa makapusozi ati amabwezeretsa mafuta a m'bondo. Ndigule, kapena pakufunika opaleshoni?

Yankho: Achimwene, ndalama yanuyo isungeni kaye. Mukamadya nkhuku mumaona kanthu koyera kosalala kumapeto kwa fupa, kaja timakukuta kaja? Ndi chicherewecherewe chimenecho, ndipo m'bondo mwanu chimakuta mafupa kuti asamakhulane. Vuto lake chilibe mitsempha ya magazi, nde chikabooka sichipola ngati chilonda cha pakhungu, ndipo palibe kapusozi amene anatsimikizika kuti amachimeretsanso. X-ray sichionetsa bwino, mpake anakuuzani kuti zonse zili bhobho. Chimaoneka pa MRI, makina ojambula m'kati mwa thupi oonetsa ndi zofewa zomwe, kapena akalowetsa kakamera m'bondomo.

Njira zokonzera zilipo. Yotchipirapo ndi microfracture, anaitchukitsa dokotala wa ku America Richard Steadman. Amaboola timabowo pa fupa pansi pa chilondacho kuti magazi a m'mafuta a m'fupa atuluke, aundane, n'kusanduka chigamba. Kungoti chigambacho sicholimba ngati chobadwa nacho, pakapita zaka chimatha kuperepeseka. Ina amachotsa timapulagi ta fupa ndi chicherewecherewe chake pambali pa bondo pomwe sipasenza thupi kwambiri n'kukatsekera pobookapo, ngati kuika matailosi.

Imene imandisangalatsa ine ndi yomwe anayamba a Lars Peterson ndi a Mats Brittberg ku Gothenburg, Sweden mu 1987. Amatapa maselo anu omwe, kukawachulukitsa ku labu kwa masabata angapo, kenako n'kuwabwezera m'bondo pa opaleshoni yachiwiri. Masiku ano maselowo amawayala pa kansalu kopyapyala ka collagen (puloteni wolimbitsa khungu ndi minyewa) wochokera ku nkhumba, dokotala amakadula molingana ndi bowolo n'kukamata, thupi limakasungunula pang'onopang'ono maselo aja akumanga zawo. Imeneyi ndi MACI, ku America anaivomereza mu 2016, ndipo ndiyodula zedi.

Koma mvetsani apa, njira zonsezi n'za kabowo kamodzi pa bondo lomwe kwina konse lili bwino, makamaka kwa achinyamata ngati inu. Agogo amene bondo lonse linaperepeseka ndi nyamakazi siziwathandiza, iwowo zikafika poipa amaikidwa bondo lachitsulo.

Chikundidetsa nkhawa ine ndi kukanirira kuja. Nthawi zambiri zimatanthauza kuti kachidutswa kanathothoka kakuyendayenda m'kati, kapena yang'ambika meniscus, kamtsamiro ka pakati pa mafupa, ndipo mukamangoyendera choncho mukupalitsa pabwino pomwe. Yambirani ku chipatala cha kwanuko akulembereni kalata yopita ku Queens kwa madokotala a mafupa, ndipo mukawauze ndendende kuti limakanirira, musangoti likuwawa. Pakadali pano mpira usiyeni, funsaninso a fiziyo akuphunzitseni zolimbitsa minofu ya ntchafu. Akadzati opaleshoni, konzekerani ndodo pafupifupi masabata 6, ndipo ku grawundi mwina mudzabwerera patatha miyezi 9 kapena chaka.