Nkhani ndalemba, wojambula alipo, nanga buku la ana lituluka bwanji?

Talandira imelo kuchokera kwa mayi wina amene amaphunzitsa Sitandade 2 kufupi ndi Lizulu, m'boma la Ntcheu. Alemba nkhani ya mawu pafupifupi 900, ya mtsikana amene mbuzi inamupulumuka pa tsiku la msika n'kukalowa m'kabichi wa eni ake. Mwana wa achimwene awo, wa ku Dedza, ndi waluso pojambula, ndipo wamaliza kale zithunzi zisanu. Atapita kwa osindikiza anafunsidwa kuti bukulo ndi la masamba angati, lalikulu bwanji, iwo n'kusowa choyankha. Funso lawo n'lakuti, tiyambire pati?

Aphunzitsi, choyamba muuzeni mnyamatayo aimike kaye burashi. Sikuti zithunzizo n'zoipa ayi, koma zafulumira. Buku la ana limayambira pa kabuku koyeserera ka mapepala wamba, ndipo ambiri amene ndalama zawo zimalowa m'madzi amakhala atadumpha pamenepa.

Tengani mapepala a A4 asanu ndi limodzi, muwasanjikize, muwapinde pakati. Mwapeza kabuku ka masamba 24, kukula kwake A5. Pepala lililonse lopinda limabala masamba anayi, n'chifukwa chake buku lomanga ndi sitepula pamsana limakhala la masamba 16, 20, 24, 28 kapena 32. La masamba 22 kulibe. Mukaumirira, osindikiza adzangokuikirani masamba awiri opanda kanthu ndipo mudzawalipira. Lembani manambala ndi pensulo. Tsamba 1 ndi chikuto chakutsogolo, 24 chakumbuyo, pa 2 padzakhala mayina, chaka ndi za umwini, pa 3 mutu wa buku. Nkhani yeniyeni ikhala kuyambira pa 4 mpaka 23, kutanthauza kuti mwana adzatsegula bukulo kakhumi, ulendo uliwonse n'kuona masamba awiri oyang'anana. Nkhani yanu yonse iyenera kukwana m'malo khumi amenewa.

Apa ndiye pamene mawu 900 aja avute. Kwa ana a Sitandade 1 ndi 2 amene mukufuna aziwerenga okha, chiganizo chimodzi kapena ziwiri pa tsamba n'zokwanira, ndipo buku lonse lisapitirire kwenikweni mawu 200 kapena 250. Tikudziwa kuti kudula nkhani yomwe mwaivutikira n'kowawa, koma zambiri zimene mudule sizitayika, zingosamukira m'chithunzi. Ngati mwalemba kuti pamsika panali anthu ambiri, amayi atayala tomato, kachewere ali m'zidebe, anyamata a kabaza akuitanira, zonsezo ndi ntchito ya wojambula. Inu lembani zimene chithunzi sichingathe kunena: mawu olankhula, phokoso, zimene zili mumtima. Pa tsamba lomwe mbuzi ikulumpha madengu, mawu akuti “Gwirani! Gwirani mbuzi!” akwanira. Mwana akaona mbuzi ikudya kabichi, pansi pake n'kuwerenganso kuti mbuzi ikudya kabichi, mmodzi wa inu awiri wagwira ntchito yachabe.

Pa Chichewa, kuwerenga kuchuluka kwa mawu kokha kumanamiza, chifukwa mawu athu amodzi amatha kunyamula chiganizo chonse. Werenganinso maphatikizo. “Inamupulumuka” ali ndi maphatikizo asanu ndi awiri, “inathawa” anayi okha. Mwana amene akuwerengabe cholozera ndi chala, akamafika kumapeto kwa mawu aatali amakhala ataiwala poyambira. Inu monga mphunzitsi mukudziwa bwino maphatikizo amene ana anu sanafikepo, monga nkh, ntch, mph, ng' ndi psa. Musawathawiretu, koma asaunjikane pa tsamba limodzi, ndipo mawu ovuta akangolowa abwerenso kawiri katatu kuti mwana awazolowere. Kubwereza m'buku la ana si ulesi. Agogo akamasimba nthano amabwereza nyimbo ija mpaka ana onse ataigwira, ndipo buku likhoza kuchita chimodzimodzi ndi chiganizo chimodzi chobwerabwera, chimene kalasi lonse lizivomera. Musaiwalenso timawu tathu tija tomveka m'khutu, monga phuu, gwa, zii, balala. N'tatifupi, ana amatikonda, ndipo timapatsa wojambula chogwira.

Tsopano lembani ziganizo zanu pa timapepala, mutimate m'kabuku koyeserera kaja ndi selotepi, kenaka muzitsegula ngati mmene mwana angachitire. Chinsinsi chachikulu cha buku la zithunzi chili pa kutembenuza tsamba. Chodabwitsa chilichonse chikhale kuseri, mwana achipeze atatembenuza. Ngati funso lakuti “Mbuzi ili kuti?” lili pa tsamba lakumanzere, yankho n'kuonekera pomwepo kumanja, mwana waona kale ndipo chidwi chatha. Liikeni funsolo mmunsi mwa tsamba lakumanja. Mudzasuntha timapepalato kangapo, ndipo n'chifukwa chake timati selotepi, osati guluu.

Musanamupatse wojambula, kawerengereni ana asanu kapena asanu ndi mmodzi, makamaka a kalasi lina amene sakuopani. Musawafunse ngati yawasangalatsa, chifukwa ana athu analeredwa mwaulemu, onse adzati eee. Muziyang'ana nkhope. Pamene ayamba kuyang'ana kumbali, pamenepo nkhani yagona. Kenaka mmodzi awerenge yekha mokweza, inu muzilemba chizindikiro pa mawu alionse amene wapunthwapo.

Tibwere kwa wojambula. Ntchito yake yoyamba si chithunzi cha m'buku, koma pepala limodzi losonyeza mtsikanayo kutsogolo, cham'mbali ndi kumbuyo, akuseka, akulira, akuthamanga. Mbuzinso chimodzimodzi. Vuto lofala kwambiri mwa ojambula oyamba kumene n'lakuti munthu yemweyo amasintha nkhope tsamba ndi tsamba: apa wamtali, apo wamfupi, diresi linali la madontho tsopano lili ndi mizere, mbuzi inali ndi banga kumanzere lasamukira kumanja. Akuluakulu sitiona, koma ana amaona msanga ndipo amafunsa kuti uyu ndi ndaninso. Asankhe chovala chosavuta kubwereza kakhumi. Chitenje cha maluwa ambirimbiri chidzamulemetsa pofika pa tsamba lachitatu. Akatero ajambule mwachisawawa ndi pensulo m'kabuku koyeserera komweko, buku lonse, inu muone, mugwirizane. Utoto ubwere pomaliza, chifukwa kukonza pensulo ndi ntchito ya rabala, kukonza penti ndi kuyambiranso.

Pali chinthu chimene timachiumirira kwambiri: ajambule zakwathu monga zilili. Ojambula ambiri anaphunzira luso potengera makatuni a pa kanema, ndiye dzanja limangothamangira nyumba za chumuni, kalulu woyera wonenepa ndi mitengo yosadziwika mtundu. Mnyamatayo apite pa Lizulu tsiku la msika ndi kope lake, akhale pansi, aone mmene kachewere amaunjikidwira m'chidebe mpaka kupanga nsonga, mmene mayi amamangira mwana kumbuyo, mmene nkhata imakhalira pamutu dengu lisanakwere, mmene chingwe chimamangidwira pakhosi pa mbuzi. Ngati nkhani ikuchitika mu June kapena July, ana a ku Dedza ndi kumtunda kwa Ntcheu amakhala atavala majuzi, m'mawa kuli nkhungu. Mwana akazindikira phiri lakwawo kumbuyo kwa chithunzi, bukulo amalitenga ngati lake. Popeza ali ku Dedza komweko, ulendo wa ku Mua, ku KuNgoni, kukaona mmene amisiri a kumeneko amajambulira ndi kusema moyo wa Achewa, Angoni ndi Ayao, ungamutsegule maso; zojambula za makolo pa miyala ya ku Chongoni nazonso zili pafupi. Koma akafuna kuika gule wamkulu m'chithunzi, ajambule zokhazo zimene aliyense amaona pabwalo, ndipo afunse kaye akuluakulu.

Za miyeso tsopano, zimene osindikiza adzafunsa. Tsamba la A5 ndi mamilimita 148 m'lifupi, 210 m'litali. Chithunzi chofika m'mphepete chipitirire ndi mamilimita atatu mbali zonse zodulidwa, chifukwa mpeni wa makina sudula ndendende pamzere, ndipo popanda zimenezi mumatsala kamzere koyera m'mbali. Nkhope, manja ndi mawu zikhale sentimita imodzi kapena kuposerapo kuchokera m'mphepete. Pa chithunzi chotambalala masamba awiri, pakati penipeni pasakhale nkhope, chifukwa ndi popinda ndipo sitepula idzalasa pamphuno. Asiyenso malo oyera a mawu asanayambe kupenta. Mawu akuda oikidwa pa udzu wobiriwira kapena pa mthunzi mwana sangawawerenge. Ndi bwino kujambula chachikulu kuposa mmene chidzatulukire, monga pa A4 kapena A3, chifukwa chithunzi chikachepetsedwa chimaoneka chosalala, chikakulitsidwa chimasweka. Ngati akugwiritsa ntchito penti wa madzi, pepala likhale lochindikala, la magalamu 200 (muyeso wa kulemera kwa pepala umene umalembedwa gsm) kapena kuposa; pepala la fotokope limakwinyika likanyowa ndipo makwinyawo amaoneka ngati mithunzi.

Zithunzi zikatha, zipite pa sikana, muyeso wa kuoneka bwino kwa chithunzi, wotchedwa dpi, ukhale pa 300. Ngati sikana palibe, jambulani ndi foni panja pamthunzi, pepala litagona pansi, foni ili pamwamba pake molunjika, popanda fulashi. Potumiza pa WhatsApp, tumizani ngati document, osati ngati chithunzi wamba, chifukwa njira yachizolowezi ija imafinya chithunzi, pa foni chizioneka bwino koma papepala n'kutuluka chachimbuuzi.

Chenjezo lina limene ambiri saliganizira ndi la khungu. Foni ndi kompyuta zimaonetsa mitundu ndi kuwala, pomwe makina osindikizira amasakaniza inki zinayi zotchedwa CMYK, ndipo papepala zinthu zimatuluka zoderapo. Khungu lofiirira limene limaoneka bwino pa kompyuta likhoza kutuluka lakuda bii, maso ndi pakamwa osaoneka, pamenepo ndiye kuti chisoni ndi chimwemwe cha mtsikanayo zafafanizika. Wojambula apente khungu mopepukirako pang'ono, aike kuwala pamphumi ndi m'masaya. Ndipo inu musalole kuti asindikize mabuku onse musanagwire kope limodzi loyesera m'manja mwanu, n'kuliona pa dzuwa.

Zilembo zikhale zazikulu, pa muyeso wa zilembo wa pa kompyuta pakati pa 20 ndi 24 kwa oyamba kumene, 14 kapena 16 kwa a Sitandade 3 ndi 4. Sankhani mtundu wa zilembo umene “a” ndi “g” wake amafanana ndi amene mumalemba pa bolodi. Andika, wa bungwe la SIL, anapangidwira ntchito imeneyi ndipo ndi waulere pa intaneti. Bungwe lomweli lili ndi pulogalamu ya Bloom yoyalira timabuku totere. Mawu asadulidwe pakati kumapeto kwa mzere. Za kalembedwe, monga pomwe timalekanitsa ndi pomwe timaphatikiza mawu, tsatirani malamulo a Centre for Language Studies ya ku Zomba, ndipo mupatse mnzanu wina wa Chichewa awerenge, poti diso la mwini nkhani limadumpha zolakwa zake.

Kwa osindikiza pitani ndi PDF komanso kabuku koyeserera kaja. Masamba akhale m'ndondomeko yake, 1 mpaka 24, iwo adzasanja okha. Ngati mukusindikiza nokha pa fotokope, phwasulani kabuku kaja muone: tsamba 24 limagona ndi 1, 2 ndi 23, 22 ndi 3, nthawi zonse manambala awiriwo pophatikiza akwane 25. Pepala lamkati la magalamu 80 limaonetsa chithunzi cha kuseri, choncho pa mitundu pemphani la 115 kapena 130. Chikuto chikhale cha 250 kapena 300 chokutidwa ndi pulasitiki, chifukwa buku la m'kalasi limadutsa m'manja ambiri, ena a mandasi. Chikuto chikakhala cha pepala lakelake chotere, uzani osindikiza kuti ndi masamba 20 amkati, chikuto n'chapadera. Funsani mtengo wa makope 50, 200 ndi 500 kwa osindikiza awiri kapena atatu, chifukwa mtengo wa buku limodzi umatsika makope akachuluka. Thumba likakana, chikuto chokha chikhale cha mitundu, mkati mukhale mizere yakuda yokhwima bwino. Buku lotere silinyozeka, ndipo nthawi zambiri limaposa la mitundu yosindikizidwa moipa.

Ngakhale ndi mwana wa achimwene anu, lembani pangano papepala, poti chibale chimasweka pa zinthu ngati zimenezi. Mulembe zithunzi zingati, zitha liti, akonza kangati popanda malipiro ena, ndalama ziperekedwa motani, monga gawo poyamba, gawo mapensulo akavomerezedwa, gawo pomaliza, komanso mwini wa zithunzizo ndani ngati bukulo lidzasindikizidwanso kapena kumasuliridwa. Dzina lake lilembedwe pachikuto pambali pa lanu, chifukwa theka la nkhaniyo wasimba ndi iye. Za umwini wa zolemba ndi zojambula, a COSOMA, bungwe loona za ufulu wa alembi ndi aluso, angakuunikireni. Ngati mukufuna kuligulitsa m'mashopu a mabuku, pezani nambala yozindikiritsa buku, yotchedwa ISBN, ku National Archives ku Zomba musanasindikize, kuti ilowe pa tsamba 2 ndi pachikuto chakumbuyo. Mukalakalaka kuti lidzalowe m'sukulu za boma, khomo lake ndi Malawi Institute of Education ku Domasi.

Zithunzi zisanu zija musazitaye. Mukamaliza kabuku koyeserera muziyeze: mwina chimodzi chidzakwanira pachikuto, ndipo zinazo zithandiza posankha nkhope ya mtsikana ndi banga la mbuzi.