Kodi magalasi a VR angandichotse mantha okwera padenga?

Funso: Ndine kalipentala wa ku Chinamwali, ku Zomba, ndipo ntchito imene imandidyetsa ndi yokhoma malata. Chigwereni pa makwerero chaka chatha, ndikangokwera pang'ono miyendo imanjenjemera, m'manja mumanyowa thukuta, mtima n'kumagunda ngati ng'oma, moti ndakana kale ntchito zingapo. Mphwanga amene akuphunzira ku yunivesite akuti kunja amachiza mantha otere ndi magalasi a VR. Kodi n'zoona, ndipo ndiwagule?

Yankho: Bambo, mphwanu sananame, koma musafulumire kutulutsa ndalama.

Magalasi a VR (chidule cha mawu achingerezi akuti Virtual Reality) amaphimba maso onse awiri n'kukuonetsani malo opangidwa pa kompyuta, ndipo mukatembenuza mutu malowo amatembenuka nanu, kotero kuti ngakhale mwaima pansi m'chipinda cha dokotala, thupi limachita ngati mulidi pamwamba. M'chaka cha 1995, Barbara Rothbaum wa ku Emory University ndi Larry Hodges wa ku Georgia Tech, ku America, anasindikiza kafukufuku wosonyeza kuti ophunzira oopa malo okwera anachepa mantha atayeserera kuima pa milatho, pa makonde a nyumba zosanja ndi m'chikepe chagalasi, zonsezo za m'kompyuta. Mu 2018 gulu la Daniel Freeman ku Oxford linayesa njira yofanana pa anthu 100, mlangizi wake ali wa m'kompyuta momwemo, ndipo zotsatira zinali zabwino.

Komabe chimene chimachiza si galasilo ayi. Mankhwala ake ndi kuyandikira chinthu choopsacho pang'onopang'ono, n'kukhala pomwepo osathawa mpaka thupi litaphunzira lokha kuti ngozi imene limayembekezera siikubwera. Njirayi ndi yakale kuposa makompyuta a m'nyumba, pakuti Joseph Wolpe, dokotala wa ku South Africa, anailongosola kale mu 1958. Ubwino wa VR ndi wakuti katswiri amatha kukweza kapena kutsitsa msinkhu mmene akuonera wodwalayo, popanda wina kuthyoka mwendo. Magalasi otchipa olowetsamo foni, amene munthu angavale yekha kunyumba n'kudziponya pa nsanja ya m'kanema, akhoza kungokuwonjezerani mantha, kuphatikizapo nseru ndi chizungulire zomwe anthu ambiri amamva akawavala. Odwala khunyu ayenera kufunsa dokotala asanawayese n'komwe.

Kwa inu, poyambira ndi kuchipatala chimene muli nacho pafupi, kuti akuyezeni kuthamanga kwa magazi, maso ndi makutu, chifukwa nthenda ya m'kati mwa khutu nayonso imazunguza mutu munthu akakwera, makamaka amene anagwapo. Zimenezo zikakhala bwino, pemphani kuti akutumizeni kwa aphungu kapena madokotala a za maganizo. Anthu a ku Zomba muli ndi mwayi pamenepa, poti chipatala chachikulu cha boma cha matenda a maganizo, Zomba Mental Hospital, chili mumzinda mwanu momwemo, ndipo kupitako chifukwa cha nkhawa sikutanthauza kuti munthu wapenga, ngakhale anthu amakonda kunena choncho.

Mlangiziyo adzakuthandizani kukonza masitepe anuanu. Mwina mudzayamba ndi kuima pa thabwa lachiwiri la makwerero, mnzanu atawagwira, kufikira mtima utakhazikika, n'kubwereza tsiku ndi tsiku musanakwere lachitatu. Padenga penipeni mudzabwererepo pomalizira, ndipo tsiku loyambalo musadzanyamule lata kapena hamala.