Ntchito ya pa sitima za alendo: musanatumize ndalama kwa ejenti, dziwani izi

Kalata ya sabata ino yachokera kwa achemwali ena a ku Chinamwali, kuno ku Zomba. Ali ndi zaka 24, ali ndi MSCE, ndipo agwira ntchito yoperekera zakudya pa loji ina kwa zaka ziwiri. Munthu wina pa WhatsApp wawalonjeza ntchito pa sitima yapamadzi yoyendetsa alendo ku Caribbean, koma akuti ayambe atumiza K450,000 pa Airtel Money, ya kulembetsa dzina ndi viza. Akufunsa ngati ntchitoyi ndi yoona, mapepala amene amafunika, komanso mmene anthu amakhalira pa sitimapo.

Achemwali, ndalamayo musatumize. Ntchito za pa sitima zilipodi, ndipo zaka zanu ziwiri za pa loji ndi poyambira pabwino, koma amene wakupezaniyo akuphwanya lamulo loyambirira la ntchitoyi. Pali pangano la mayiko lotchedwa Maritime Labour Convention, lomwe bungwe loona za ntchito pa dziko lonse la ILO linakhazikitsa mu 2006 n'kuyamba kugwira ntchito mu 2013. Panganoli limaletsa ejenti kulipiritsa munthu chifukwa chomupezera ntchito ya panyanja. Ejenti amalipidwa ndi kampani. Zimene zingatuluke m'thumba mwanu ndi pasipoti, chikalata cha dokotala, ndi buku la ogwira ntchito panyanja. Viza ndi udindo wa kampani. Kawirikawiri mumalipira nokha potsata njira imene embase yaika, ndipo amadzakubwezerani mutakwera sitima, n'chifukwa chake lisiti yake siyoti muitaye. Palibe embase imene imalandira ndalama pa nambala ya foni ya munthu.

Kufufuza kwake n'kosavuta. Makampani monga Royal Caribbean, Carnival, MSC Cruises ndi Norwegian ali ndi masamba awoawo olembera antchito pa intaneti, ndipo amalemba maina a maejenti omwe amagwira nawo ntchito. Ngati dzina la ejenti wanuyo palibe, nkhani yathera pomwepo. Onaninso imelo yomwe akulemberani: ya kampani imathera ndi dzina la kampaniyo, osati gmail. Ndipo palibe kampani yomwe ingakupatseni ntchito isanakuoneni pa intavyu ya vidiyo. Tonse tinamva za azimayi a ku Malawi kuno amene anakazunzika ku Oman atalonjezedwa ntchito zabwino ndi maejenti a pa foni. Njira yokopera ndi yomweyi: lonjezo lokoma, changu, ndi mawu oti malo atsala awiri okha.

Tsopano tikambe za ntchito yeniyeniyo. Sitima ya alendo ndi hotela yoyandama. Icon of the Seas, yomwe inayamba maulendo mu 2024, imatha kunyamula alendo oposa 7,000 ndi antchito oposa 2,000, ndipo ambiri mwa antchitowo sadziwa kanthu za injini. Ndi ophika, otsuka mbale, operekera zakudya, okonza zipinda, ochapa zovala, a mu bala, ogulitsa m'mashopu. Makampani amafuna munthu wa zaka 18 kupita m'mwamba, koma pa ntchito za mu bala ndi zoperekera zakumwa ambiri amafuna zaka 21. Amafunanso chaka chimodzi kapena ziwiri za luso, makamaka mu hotela yaikulu. Apa ndikuuzeni zoona: loji ya zipinda khumi imawerengedwa, koma chaka chimodzi pa malo ngati Sunbird Ku Chawe kapena hotela yaikulu ya ku Blantyre chimalemera kwambiri pa CV, makamaka ngati mulinso ndi pepala la ku Malawi Institute of Tourism. Chingerezi amachiyesa, makampani ambiri amagwiritsa ntchito mayeso a pa kompyuta otchedwa Marlins, ndipo mbali imene imagwetsa anthu ndi yomvetsera, chifukwa amamva mawu a anthu olankhula Chingerezi mosiyana ndi chathu. Musayembekezere kukayambira pa udindo womwe muli nawo pano. Woperekera zakudya wa kumtunda kawirikawiri amakayambira pa kuthandiza wina, kunyamula mathileyi ndi kupukuta matebulo, n'kumakwera pang'onopang'ono.

Mapepala ali ndi ndondomeko yake, ndipo anthu ambiri amataya ndalama chifukwa choyambira kumchira. Pasipoti yokha ndiyo muyenera kukhala nayo musanafunsire ntchito. Ikhale ndi nthawi yokwanira kontrakiti yonse kuphatikizapo miyezi isanu ndi umodzi pamwamba, komanso masamba osadindidwa. Zina zonse dikirani mpaka mutalandira kalata yotsimikiza ntchito, chifukwa zimatha nthawi.

Chikalata cha dokotala sichipitirira zaka ziwiri, ndipo chiyenera kuchokera kwa dokotala amene kampaniyo imamuvomereza, pa fomu yake. Mukathamangira kukayezetsa nokha ku chipatala chapafupi, mudzayezetsanso kachiwiri. Amayeza magazi, mkodzo, maso, makutu, mano, BP, shuga, ndi kujambula chifuwa poyang'ana TB. Dzino lobowoka likhoza kuchedwetsa ulendo, ndiye kakonzetseni pano pamene mtengo uli wa makwacha. Khadi yachikasu ya katemera wa yellow fever imafunidwa ndi makampani ambiri, ndipo kuyambira 2016 katemerayu akabaya kamodzi ndi wa moyo wonse. Kalata ya kupolisi yosonyeza kuti mulibe mlandu imafuna kudinda zala, ndipo makampani amafuna yatsopano, osati ya chaka chatha.

Kenako pali maphunziro a chitetezo otchedwa STCW. Aliyense wogwira ntchito pa sitima ya panyanja yaikulu, ngakhale wotsuka mapoto, ayenera kukhala nawo. Amatenga pafupifupi sabata imodzi ndipo ali ndi mbali zinayi: kudzipulumutsa m'madzi, kuzimitsa moto, chithandizo choyamba kwa wovulala, ndi kudzisamala pa ntchito. Pa sitima za alendo amawonjezera maphunziro a kulondolera khamu la anthu pa nthawi ya ngozi. Si za m'kalasi zokha ayi. Mudzadumphira m'madzi mutavala jekete yoyandamitsa, mudzatembenuza bwato la mpweya lomwe lagadabuzika, mudzayandama popanda jekete, ndipo mudzalowa m'chipinda cha utsi mutanyamula botolo la mpweya kumsana. Ngati simudziwa kusambira, yambani kuphunzira pano pa dziwe lomwe pali woyang'anira, osati mu mtsinje wa Likangala nthawi ya dzinja. Mbali za moto ndi za m'madzi zimabwerezedwa zaka zisanu zilizonse. Sukulu zilipo ku Durban, Cape Town, Dar es Salaam ndi Mombasa, ndipo kuno kwathu kuli sukulu ya za panyanja ku Monkey Bay yomwe imaphunzitsa ogwira ntchito pa nyanja ya Malawi. Musanalipire sukulu iliyonse, funsani kampani molemba ngati imalandira satifiketi ya kumeneko. Makampani ena amaphunzitsa okha antchito atsopano, ndiye mukhoza kusunga ndalama ya ulendo.

Viza imadalira kumene sitima ikuyenda. Ya ku America imatchedwa C1/D ndipo imafuna kalata ya kampani ndi intavyu ku embase. Sitima za ku Ulaya zimafuna viza ya Schengen. MSC imayendetsanso sitima kuchokera ku Durban ndi Cape Town m'miyezi yotentha ya kumeneko.

Nanga moyo wa pa sitimapo? Apa m'pamene zithunzi za pa Facebook zimanamiza. Kontrakiti ya antchito a mbali ya hotela imakhala ya miyezi 6 mpaka 9, ndipo m'miyezi yonseyo mulibe tsiku lopuma, ngakhale Lamlungu, ngakhale Khirisimasi. Pamakhala maola opuma, osati masiku. Lamulo limati munthu apume maola osachepera 10 pa maola 24 alionse, ndi maola 77 pa sabata, ndipo maola 10 aja asagawidwe kupitirira pawiri, gawo limodzi likhale la maola 6 kapena kuposa. Werengerani nokha: sabata ili ndi maola 168, kuchotsapo 77 patsala 91. Kuno kwathu lamulo la ntchito limati maola 48 pa sabata. Tsiku la woperekera zakudya likhoza kuyenda chonchi: chakudya cha m'mawa kuyambira 7 koloko mpaka 10, chamasana 12 mpaka 2, chamadzulo 5:30 mpaka 11 usiku. Mpata wa masana uja ndi umene mumasankha: kutsika kukaona mzinda wa Nassau ku Bahamas kapena kugona. Mwezi woyamba anthu amatsika. Pofika mwezi wachinayi ambiri amagona.

Tsiku lovuta kwambiri ndi losinthana alendo. Zikwi za anthu zimatsika m'mawa, zikwi zina zimayamba kukwera chakumasana, ndipo pakati pa maola ochepawo chipinda chilichonse chiyenera kukhala chitasinthidwa zofunda, bafa itatsukidwa, masutikesi atakwezedwa. Sitima isananyamuke, alendo atsopano amasonyezedwa kothawira pa ngozi, lamulo lomwe linakhwimitsidwa sitima ya Costa Concordia itagubuduka ku Italy mu 2012 n'kupha anthu 32. Wantchito aliyense ali ndi nambala ndi malo ake pa ngozi, ndipo kuphonya maphunziro obwereza a chitetezo ndi mlandu.

Kogona ndi kachipinda ka anthu awiri, nthawi zina kuposa, mabedi osanjikiza ngati ku hositelo ya sekondale, kopanda windo, kunsi kwa sitima. Chakudya ndi madzi ndi zaulere, chithandizo cha kuchipatala cha pa sitima n'chaulerenso, koma nsima musaiyembekezere. Mpunga ndiye wa tsiku ndi tsiku. Intaneti yambiri ndi yogula.

Zimene zimachotsetsa anthu ntchito ndi zodziwika. Mowa m'magazi usapitirire 0.05 peresenti, ndipo amayeza mwadzidzidzi, pamodzi ndi mankhwala ozunguza bongo. Chibwenzi ndi mlendo ndi choletsedwa. Kuchedwa kubwerera sitima ili pa doko ndi mlandu waukulu, chifukwa sitima sidikira. Kubisa kutsekula m'mimba kapena kusanza n'koopsanso: kachilombo ka norovirus kamafala msanga pa malo othithikana, ndipo wogwira zakudya amatsekeredwa payekha mpaka patadutsa maola 48 atachira. Sitima zofika ku America zimayenderedwa mosadziwitsa ndi a bungwe la zaumoyo la boma la America lotchedwa CDC, omwe amapereka malikisi pa 100, ndipo 85 kapena kutsika pamenepo n'kulephera. N'chifukwa chake mudzaona abwana akuyeza kutentha kwa zakudya kawirikawiri: zozizira zisapitirire madigiri 5, zotentha zisatsike pa 57.

Pa malipiro, musamvere nambala ya pakamwa. Malipiro otsikitsitsa amene ILO inaika a wantchito wa luso wa pabwalo la sitima anali madola 673 pa mwezi mu 2025, koma a mbali ya hotela amawerengedwa mosiyana, kampani iliyonse ndi njira yake. Nambala imodzi ija nthawi zambiri imakhala itaphatikiza malipiro enieni, ovataimu, ndalama ya tchuthi, ndi gawo la matipi. Funsani kuti yotsimikizika mwezi uliwonse ndi iti ngakhale sitima isadzaze. Lamulo limapereka masiku awiri ndi theka a tchuthi pa mwezi uliwonse wogwira, koma miyezi iwiri yomwe mudzakhale ku Chinamwali kudikira kontrakiti ina simudzalandira kanthu, ndipo kuitanidwanso kumadalira lipoti la abwana anu. Ndiye ndalama ya miyezi 8 muigawe pa miyezi 10 musanalonjeze abale zomanga nyumba.

Kontrakiti muiwerenge muli kuno, musanakwere ndege. Lamulo limakupatsani ufulu woiwerenga ndi kufunsa uphungu musanasaine, ndi kusunga kope yanu. Yang'anani dzina la kampani, udindo wanu, utali wa kontrakiti, ndi amene alipire tikiti yopita ndi yobwera. Yobwerera mukamaliza kontrakiti ndi ya kampani, koma mukathawa pakati kapena kuchotsedwa pa mlandu waukulu, mukhoza kuilipira nokha. Yang'ananinso mbendera ya sitimayo. Zambiri zimalembetsedwa ku Bahamas, Panama kapena Malta, ndipo malamulo a dziko limenelo ndi amene amagwira ntchito, osati a ku Malawi, choncho ofesi ya za ntchito ya pa Zomba singakuthandizeni muli pakati pa nyanja. Dandaulo limayambira kwa abwana anu pa sitimapo, likakanika limapita kwa oyendera a ITF, mgwirizano wa mabungwe oimira ogwira ntchito za mtengatenga, omwe amapezeka m'madoko akuluakulu, ndipo nambala yothandiza anthu ya SeafarerHelp imayankha ogwira ntchito panyanja mwaulere usana ndi usiku. Manambala awo muwasunge mu foni musananyamuke.