Ukulota ntchito ya panyanja yamchere uli ku Chipata? Yamba wakonza masamu

Kalata ya sabata ino yachokera kwa mtsikana wa ku Kapata, muno mu Chipata, amene anamaliza giredi 12 zaka ziwiri zapitazo. Jogirafe anapeza 1, bayoloje 2, Chingerezi 3, koma masamu anapeza 7. Akuti: "Ndinaonera pa foni akatswiri a ku Kenya, Tanzania ndi Mozambique akukambirana zogawa malo a panyanja yamchere kuti ateteze nsomba ndi mitengo ya m'mphepete mwa nyanja. Mtima wanga unakhazikika pomwepo. Atate akuti ndi misala, Zambia ilibe nyanja yamchere, ndipite ku unesi kapena uphunzitsi. Ndakana, ndipo ndikudikira sikolashipu yakunja. Munthu wina pa Facebook wati ndimutumizire ndalama andipezere malo. Ndichite chiyani?"

Makalata a mtundu uwu amandifikira kawirikawiri. Maloto amasiyana, wina za ndege, wina za migodi ya mafuta, koma nkhani yake ndi imodzimodzi: mwana wanzeru, phunziro limodzi lolephera limene sakufuna kuliyang'ana, kholo lokakamira ntchito ziwiri zokha, ndi zaka zikungopita pakhomo.

Mwanawe, ndalamazo usatumize, ngakhale ngwee imodzi. Sikolashipu yeniyeni sagula kwa munthu wa pa Facebook.

Ntchito imene wayikondayi ilipodi, ndipo atate ako akulakwa poitcha misala. Pa Chingerezi amati marine spatial planning, dzinalo ulisunge chifukwa ndilo uzilemba pofufuza. Pamudzi pakakhala dambo limodzi, anyakwawa amakhala pansi ndi anthu n'kugwirizana kuti apa ndi pa madimba, apa ng'ombe zizimwera, apo amayi azitunga madzi, oumba njerwa asafike uko. Panyanja ndi chimodzimodzi, kungoti olimbirana malo ndi ambiri komanso ena ndi amphamvu kwambiri. Pali asodzi a mabwato ang'onoang'ono, zombo zokoka makoka akuluakulu, zombo za katundu zolowa ku Nacala, Beira ndi Dar es Salaam, makampani okumba gasi kunyanja ya ku Cabo Delgado, mahotela a alendo, ndi zingwe za intaneti zoyalidwa pansi pa madzi. Pakati pa onsewa pali nkhalango za mangrove (mitengo yomera m'madzi amchere a m'mphepete mwa nyanja), udzu wa m'nyanja ndi matanthwe a makorali, komwe nsomba zimaswanirana ndi kukulira, komwenso kumafooketsa mafunde namondwe akafika. Anthu a ku Beira anaona mu 2019 zimene namondwe Idai anachita ndi mzinda wokhala pagombe lotsika. Ntchito ya katswiri ndi kusonkhanitsa zonsezi pamapu, kumva mbali zonse, n'kuthandiza boma kulemba lamulo la amene achite chiyani, pati, nyengo iti. Masiku ambiri amathera pa kompyuta ndi m'misonkhano. Ngati m'maganizo mwako muli kusambira ndi nsomba zokongola, dziwiratu zimenezi.

Pangano la United Nations la malamulo a panyanja la mu 1982 limapatsa dziko lililonse la m'mphepete mwa nyanja ulamuliro pa chuma cha m'madzi mpaka makilomita pafupifupi 370 kuchokera kugombe. Koma nsomba za tuna, akamba a m'nyanja ndi mafuta otayika m'chombo saima pamalire. Dziko lina likateteza mangrove ake pomwe loyandikana nalo likudula ndi kukoka makoka mosasamala, onse amaluza. N'chifukwa chake pali Nairobi Convention ya mu 1985, imene imamanga pamodzi Somalia, Kenya, Tanzania, Mozambique, South Africa, Madagascar, Comoros, Mauritius, Seychelles ndi France. Kumadzulo, Angola, Namibia ndi South Africa anasaina Benguela Current Convention mu 2013, ndipo ofesi yake ili ku Swakopmund. South Africa inakhazikitsa lamulo lake logawa malo a panyanja mu 2018, Mozambique inavomereza pulani yake mu 2021, ndipo Seychelles mu 2020 inafika poika magawo 30 pa 100 a nyanja yake pansi pa chitetezo, itasinthanitsa gawo la ngongole yake yakunja ndi lonjezo losamala nyanja.

Tawerenganso mayiko ndatchulawo. Zambia mulibe. Ntchito zambiri zoterezi zili m'maunduna a maboma a mayikowo, ndipo amalemba nzika zawo, monga momwe ifenso timachitira. Maofesi a mgwirizano ali ndi antchito ochepa, ndipo amafuna munthu wa digiri yachiwiri amene wagwira kale ntchito zaka zingapo. Ku Mozambique sungagwire popanda Chipwitikizi, ku Madagascar ndi Comoros popanda Chifalansa. Maphunziro enieni a ntchitoyi nthawi zambiri amachitika pa digiri yachiwiri, ndipo masikolashipu ake ambiri ali pamenepo. Ndiye iwe, uli ndi satifiketi ya giredi 12 yokhala ndi 7 pa masamu, ukudikira chiyani kwenikweni? Palibe amene akubwera kudzakutenga pa Kapata. Zaka ziwiri wakhalazi, ukanalembanso masamu pa GCE, mayeso obwereza a amene anamaliza kale sukulu, bwenzi pano uli m'kalasi. Ichi ndicho chimandipweteka ndi ana ambiri anzeru: kukana zimene kholo likufuna amakuona ngati achitapo kanthu, pomwe angokhala.

Koma njira ilipo, ndipo ndi imene ine ndimaikhulupirira. Akuluakulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pachala ngwa mphepo. Zambia ili ndi madzi ambiri ogawana ndi mayiko ena, ndipo mavuto ake ndi omwewo amene unamva akatswiri aja akukambirana.

Tenga nyanja ya Tanganyika. Timagawana ndi Tanzania, Burundi ndi Congo. Mayiko anayiwa anasaina pangano loisamalira mu 2003 ku Dar es Salaam, ndipo pangano limenelo linabala Lake Tanganyika Authority, imene likulu lake lili ku Bujumbura. Kapenta ndi bukabuka amene amagwidwa ku Mpulungu sadziwa kuti madzi a Zambia athera pati. Ife tikaletsa maukonde a maso ang'onoang'ono anzathu osaletsa, tavutika pachabe. Pagombe lomwelo pali doko la Mpulungu, malo otetezedwa a Nsumbu, midzi ya asodzi, ndi mapiri amene mitengo ikadulidwa dothi lake limatsikira m'madzi n'kukwirira malo oswanirana nsomba. Kusankha malo oti pasaphedwe nsomba, poti zombo zizidutsa ndi poti pamangidwe, ndiyo ntchito yomweyo ukuifunayo, kungosiyana kuti madziwo alibe mchere.

Ku Kariba nkhani yake ndi yotentha kuposa apo. Kapenta wa kumeneko anachita kubwera naye kuchokera ku Tanganyika cha m'ma 1967, ndipo lero mabwato opha kapenta usiku ndi magetsi achuluka mbali zonse ziwiri, ya Zambia ndi ya Zimbabwe. Ku Siavonga kwadzaza makhola owetera nsomba oyandama pamadzi, pali mabwato a alendo, pali asodzi a maukonde, ndipo madzi omwewo ndiwo amapukusa magetsi pansi pa Zambezi River Authority ya mayiko awiriwa. Khola la nsomba likaikidwa pamalo olakwika, zotsala za chakudya ndi ndowe zimaononga madzi a anthu, ndipo msodzi wamba amatsekeredwa njira. Pamafunika munthu wodziwa kuyeza kuya kwa madzi, kuwerenga zithunzi za satelaiti, ndi kukhala pansi ndi mafumu.

Ndipo usaganize kuti Chipata ili kutali ndi gombe. Madzi a Lutembwe amathera mu Luangwa, Luangwa amathira mu Zambezi ku boma la Luangwa, Zambezi amadutsa damu la Cahora Bassa n'kukafika ku Indian Ocean pakati pa nkhalango zazikulu za mangrove za ku Mozambique. Chimangidwireni Kariba mu 1959 ndi Cahora Bassa mu 1974, kusefukira kwa madzi kumathiriro a Zambezi kunasintha, ndipo akatswiri akhala akulumikiza kusinthaku ndi kuchepa kwa nkhanu za prawn ku Sofala Bank, dera la nyanja la kugombe la Mozambique. Zimene zimasankhidwa kumtunda kuno zimamveka kugombe. Zambezi Watercourse Commission, ya mayiko asanu ndi atatu a m'chigwa cha Zambezi, ili ndi ofesi ku Harare, ndipo mmenemo Mzambia ali ndi mpando wake. Wodziwa bwino za mtsinjewu ali ndi chokanena pamsonkhano wa za nyanja chimene mnzake wa ku Mombasa alibe.

Tsono uphunzire chiyani? Luso limene lili pakati pa zonsezi ndi GIS, kupanga ndi kusanthula mapu pa kompyuta. Ku UNZA kuli geomatic engineering (maphunziro oyeza malo ndi kupanga mapu) komanso maphunziro a jogirafe ndi zachilengedwe. Ku Copperbelt University (CBU) kuli digiri ya fisheries and aquaculture, kulinso ya urban and regional planning. Kapasa Makasa University ku Chinsali nayo imaphunzitsa za nsomba. Mapointi akavuta, koleji ya zaulimi ya NRDC ku Lusaka ili ndi dipuloma ya za nsomba, ndipo dipuloma si manyazi, ambiri anayambira pomwepo n'kukwera. Ngongole ya maphunziro ufunsire ku HELSB, ndipo uwerenge bwino malamulo awo okhudza chaka chimene unamaliza sukulu, chifukwa kukhalitsa pakhomo kungathe kukutsekera khomo limenelo. Kutsidya kwa Mwami, ku Malawi, yunivesite ya LUANAR ku Bunda ndi yodziwika pa za nsomba ndipo ili pafupi ndi ife kuposa Lusaka, koma kumeneko ndalama udzafuna wekha.

Pa zonsezi, ndi jogirafe yako ya 1, ine ndingakukankhire ku mapu ndi mapulani, n'kuonjezerapo za madzi. Chifukwa changa n'chakuti luso limeneli silidikira nyanja kuti likudyetse. Lamulo la Urban and Regional Planning la mu 2015 limafuna kuti khonsolo iliyonse ikhale ndi pulani ya chitukuko cha dera lake, ndipo pulani yopanda mapu kulibe. WARMA (bungwe loyang'anira madzi), ZEMA (bungwe loona za chilengedwe), dipatimenti ya nsomba imene likulu lake lili ku Chilanga, dipatimenti ya nkhalango, migodi, ngakhale mabungwe osamala nyama ku Mfuwe, onsewa amagwiritsa ntchito mapu. Sindikukulonjeza kuti ukadzangomaliza ntchito idzakupeza, omaliza maphunziro ambiri akuyendabe ndi maenvelopu. Koma wodziwadi kupanga mapu amapeza timaganyu ngakhale asanalembedwe ntchito. Ukadzagwira zaka zingapo ku Mpulungu kapena ku Siavonga, pamenepo ndi pomwe udzagogode ku Institute of Marine Sciences ya University of Dar es Salaam ku Zanzibar, ku Nelson Mandela University ku Gqeberha, ku Rhodes University, kapena ku World Maritime University ku Malmö, uli ndi kanthu m'manja. WIOMSA, bungwe la akatswiri a za nyanja a chigawo chino, nalonso lili ku Zanzibar, ndipo uyambe kutsata zimene limalengeza.

Maphunziro onse ndatchulawa amafuna kirediti ya masamu, ndiye kuti giredi ya pakati pa 1 ndi 6. Mapu ndi manambala. Kuwerengera nsomba zimene zili m'nyanja ndi manambala. Palibe podzera.

Tsopano inu bambo, poti ndikudziwa kuti kalatayi idzakufikani. Mantha anu ndikuwamvetsa. Mu 2022 boma linalemba aphunzitsi oposa 30,000 ndi ogwira ntchito za umoyo oposa 11,000, ndipo kuyambira pamenepo makolo ambiri kuno kum'mawa amaona ngati ntchito m'Zambia ndi ziwiri zokha. Koma mwaiwala kuti ofunsira anali ochuluka kwambiri kuposa malowo, ndipo ena mwa amene anatengedwa anali atadikira zaka zambiri ndi mapepala awo. Unesi si pothawira mwana aliyense amene simukumumvetsa. Namwino wokakamizidwa ndi amene timakamudandaula tikagona m'chipatala. Komanso ku unesi nakonso amafuna masamu, ndiye ngakhale njira yanuyo ndi yotsekeka mpaka alembenso. Zaka ziwiri mwakhala mukukangana za nyanja imene nonse simunaionepo, pomwe chofunika chinali kumulipirira mayeso amodzi ndi mphunzitsi womuthandiza madzulo. Mwana wopeza 1 pa jogirafe ndi 2 pa bayoloje sanasokonezeke mutu. Mufunseni akusonyezeni dzina la kosi, sukulu yake, fizi yake ndi kumene amene anaimaliza akugwira ntchito. Akalephera, mukalipireni pa chimenecho.

Iwe mwanawe, sabata ino upite pasukulu yolembetsera GCE ukafunse masiku ndi ndalama zake. Pulogalamu yopangira mapu ya QGIS ndi yaulere, ndipo maphunziro ake ali pa intaneti. Pempha kompyuta kwa wachibale kapena kwa mphunzitsi wako wakale wa jogirafe, upange mapu a mtsinje wa Lunkhwakwa: pomwe pali madimba, pomwe amakumba mchenga, pomwe amataya zinyalala, pomwe nyumba zalowerera m'mphepete. Ukafunse amayi a madimba chimene chimawavuta, ukafunsenso okumba mchenga, uone mmene mayankho awo akusemphanirana. Ukaona kuti zikukutopetsa, udziwe msanga kuti ntchito ukuilotayo idzakutopetsanso, ndipo tidzafuna ina. Chipwitikizi uyambe pang'onopang'ono, malire a Chanida olowera ku Mozambique sali kutali.

Kuti udzafika kunyanja yamchere, sindingalumbire. Ofikako ndi ochepa, ndipo iwe wachedwa kale ndi zaka ziwiri. Koma magiredi ako enawo ndi abwino, ndipo funso lako ndi lanzeru kuposa ambiri amene ndimalandira. Ukapeza kirediti ya masamu ndi mapu ako oyamba, undilemberenso, tidzaone pamodzi mafomu a CBU ndi UNZA.